A Binwelo, amene ankatiliritsa ndi lamba

A Binwelo Mbewe tinawaika m'manda mwezi watha, chimanga chitangoyamba kumasula. Mwa anyamata amene ankalandizana bokosi popita kumanda, sindikudziwa ngati analipo ndi mmodzi yemwe amene msana wake sunalaweko lamba wa mkulu ameneyu. Abusa polalikira anati tataya munthu wofatsa, wokonda mtendere. Ine ndinachita kudziluma mlomo kuseri kwa chitenje. Wofatsa ndani? A Binwelo? Abusawo ndi achilendo, tiwakhululukire. Ine Nabanda ndakazinga vitumbuwa pakhomo pa nyumba yawo ya kanema kuyambira mwana wanga woyamba ali kumsana mpaka lero ali pabanja, ndiye za kufatsazo mukauze ena.

Kwathu kuno ndi kamsika kakang'ono, ukapatuka pa Sinda n'kutsata msewu wafumbi umene malole a thonje amadutsa. Pali chigayo, timagolosale, shopu ya a Yusufu, ndi nyumba ya zidina yopanda zenera imene tonse tinkangoitcha kwa a Binwelo. M'katimo munali mabenchi a matabwa, TV yaikulu yachimsana, deki yoikamo mafilimu, sipika yopachika kudenga, ndipo kuseri kunali jenereta yokhosomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe. Filimu inkayamba masana, anthu akaweruka kumunda. Ambirife Chingerezi timangochimvera patali, nanji nanji Chimwenye, choncho eni ake ankaima pambali pa TV n'kumamasulira. Mkazi akalankhula, a Binwelo ankachepetsa mawu n'kukhala mkaziyo. Nkhalamba ikamatsirizika, iwonso ankapuma mobanika mpaka iwe kumva chifuwa kukuthina. Dzanja lamanja linkagwira maikolofoni, lamanzere chidutswa cha lamba wa chigayo, chakuda, chotalika ngati mkono wa munthu wamkulu.

Lamba ameneyo anali wa anthu oseka. Lamulo la nyumba linali limodzi: pamene mu filimu mukufa munthu, kapena mayi akulira mwana, mano usaonetse. Ukafuna kulira, lira. Ukachita manyazi, weramira pansi. Koma ukangoti khi, lamba ankakupeza ngakhale uli benchi yomaliza. Tsiku lina kalaliki wa ogula thonje, mnyamata wa nsapato zosongoka, anaseka pamene mayi wina mu filimu ya ku Nigeria ankagubuduka pamanda a mwana wake. Ndinangomva phwa! phwa! kenaka chitseko chinatseguka, mnyamata uja anatuluka chafutambuyo atagwidwa khutu, n'kudzagwera pa mbaula yanga. Mafuta onse pansi, vitumbuwa m'fumbi, shati yake yoyera ili magazi a m'mphuno okhaokha.

Ine ndinadzuka ndi chipande m'manja.

"A Mbewe, mwapenga kodi? Mafuta angawa mundigulira?"

"Akugulire woseka maliroyo," anatero iwo, akupuma mwawefuwefu.

"Maliro ati? Anthu a mu TV aja akudya mpunga kwawo, inu mukupha ana a eni ake kuno!"

"Nabanda, kazinga vitumbuwa. Za maliro sukuzidziwa."

Tinatha mlungu osapatsana moni. Pamenepo n'kuti ndili mlendo pamsika, ndipo zoonadi sindinkadziwa kanthu. Amene anandikhazika pansi ndi a Yusufu, mwini shopu, munthu wobadwira ku Malawi amene wakalambira kuno. Anandiuza kuti a Binwelo anali ndi mwana mmodzi yekha, Yotamu, ndipo mwanayo anaphedwa pamsika pomwepa, n'kuikidwa m'manda popanda womulira. Kuyambira tsiku limenelo m'pamene ndinayamba kumvetsa kuti mkulu ameneyu sankafuna china kwa ife koma misozi imene tinam'mana mwana wake.

Nkhaniyo ndinaimva kwa anthu ambiri, ndipo onse amaifotokoza mofanana, kusiyana kwake n'koti aliyense amati iye anali patali. Yotamu anaba ng'ombe ziwiri zapangolo za a Sakala, mlimi wamkulu wa kutsidya kwa dambo, mvula yobzalira ili pafupi. Anamugwira akuzikusa kulowera kumalire a Mozambique. Anabwera naye m'mawa atamumangirira kumbuyo kwa ngolo, mawondo atasupuka kale. Patsogolo pa chigayo anamumasula, n'kuyamba. Zikeyi za pagoli, mipini, njerwa zimene munthu wina anaunjika kuti amangire golosale. Akuti mnyamatayo sanakane mlandu, sanathawe, ankangopempha madzi. A Binwelo n'kuti atapita ku Katete kukakonzetsa jenereta. Pobwera masana anapeza anthu atabalalika, ntchentche zili ng'waa, ndi thumba la feteleza limene a Yusufu anafunditsa mtembo.

Koma chimene chinawadya a Binwelo moyo wawo wonse chinachitika iwo asanafike. Akazi awo, a Naphiri, atamva anathamanga kuchokera kumunda, n'kugwa pa mwana wawo, n'kukweza mawu. Inu mukudziwa kuti maliro salira munthu mmodzi. Mwini maliro amayamba, anzake amamulandira, kulira n'kuyenda khomo ndi khomo mpaka mudzi wonse wamva. Tsiku limenelo a Sakala anaimirira ndi chikeyi chamagazi m'manja, n'kunena kuti aliyense wolira wakuba ndiye kuti ankadya naye, ndipo nyumba yake igona ili phulusa. Azimayi anali pomwepo, ambirimbiri. A Naphiri anakweza mawu, palibe anawalandira. Anakwezanso, kuli zii. Kenaka anatenga nsonga ya chitenje n'kudzitseka nayo pakamwa. Yotamu anamuika m'mphepete mwa manda, kunja kwa mitengo, popanda nyimbo, ndipo dzenje anakumba bambo ake ndi achibale ochepa. Apolisi atabwera kudzafunsa, mudzi wonse unati unali kudimba tsiku limenelo.

Ngakhale dzina linafa. Kale mayi aja aliyense ankawaitana amake Yotamu. Chichitikireni zimenezo anthu anabwerera ku a Naphiri, ngati sanaberekepo. Ine ndinawapeza ali munthu wolankhula monong'ona, wongokhala pakhonde n'kumasenda mtedza. Pa maliro a anthu ena ankapita, ankaphika, ankatunga madzi, koma pakamwa pali chotseka.

Anthu ankayembekezera kuti a Binwelo atenga nkhwangwa. Ndipo akanaitenga palibe akanadabwa, chifukwa mkulu uyu unyamata wake wonse anathera pamalole ndi m'mabala, ndipo alipo amuna awiri kuno amene amatafunira mbali imodzi chifukwa cha chibakera chake. Koma sanatenge kanthu. Patangotha masiku ochepa analiza jenereta, n'kutsegula chitseko, anthu omwe aja n'kumalowa. Ena ankati waopa. Ena ankati mtima wake ndi mwala, kuti nanga si Yotamuyo ankamumenya yekha ngati ng'ombe yokana goli, mpaka tsiku lina anamuthyola mkono ali mwana wasukulu. Zimenezo n'zoona, ndipo sindiwaikira kumbuyo. A Binwelo anali ndi dzanja loipa. Nawonso sankabisa, ndipo sananenepo kuti mwana wawo ananamiziridwa. Ankati ng'ombe anabadi, koma wakuba nayenso satuluka m'chulu, amatuluka m'mimba ya munthu.

Mafilimu a karate ankaonetsa chifukwa anyamata ankawafuna, koma ankangoyatsa n'kukhala panja pafupi ndi ine, akuti nkhonya sifuna womasulira. Mtima wawo unali pa mafilimu oliritsa: ana amasiye ozunzidwa ndi mayi owapeza, mkazi wofera pobereka mwamuna ali kundende, mtsikana wakhungu woyimba m'misewu. Mwezi ukatha ankakwera minibasi kupita ku Katete, nthawi zina mpaka ku Chipata, kukasaka atsopano. Anyamata ogulitsa ankawadziwa, chifukwa funso lawo linali limodzi: mmenemu mukufa anthu angati, nanga akuwalira bwino? Akabwera nawo ankadzitsekera okha n'kuonera kaye. Ambiri ankawabweza, akuti misozi yake ndi ya anyezi.

Chinthu china ndinachiona mochedwa. Pomasulira, a Binwelo sankayang'ana TV. Filimu ankaidziwa pamtima, ndiye maso awo ankakhala pa ife. Ankadziwa kuti uyu amagwetsa misozi akaona mwana wanjala, uyo mpaka aone bokosi, winayo amayamba wakhosomola kaye. Tsiku lina anandiuza, akudya chitumbuwa changa osalipira monga mwa masiku onse, kuti akazi a Sakala ndi amene ali ndi misozi yapafupi kuposa onse pamsika uno. Ine ndinangoseka, ndinkayesa miseche wamba.

Mafoni atachuluka anthu anayamba kuchepa, chifukwa achinyamata ankaonera mafilimu omasuliridwa kale, aliyense payekha pansi pa mtengo. A Binwelo zinkawanyansa koopsa. Ankati kulira wekhawekha utaweramira kachinthu ka m'manja ndi ufiti. Mdzukulu wa mlongo wawo analowa m'nyumba ya kanema n'kumaonera zake pafoni pamene enafe tikulira zathu. Foni ija a Binwelo anaiponda ndi chidendene mpaka inachita ngati chigoba cha nkhono, mwini wake n'kulandiranso lamba wa pakhosi. Ndi a Yusufu ankakangana pafupifupi tsiku lililonse, za utsi wa jenereta, za ana okodza kuseri kwa shopu, mpaka kutukwanizana mitundu. Koma Lachisanu masana, a Yusufu akamapita kokapemphera, jenereta inkazima yokha popanda wopempha. Thumba la feteleza lija a Binwelo sanaliiwale.

Tsono tsiku lenilenilo linafika m'chilimwe china, thonje litagulitsidwa, anthu ali ndi mpata. Ana amene anabadwa chaka chimene Yotamu anafa n'kuti atayamba kale kuweta mbuzi. A Binwelo analengeza kuti Loweruka kuli filimu yaulere, ya akuluakulu, ndipo abambo abwere ndi akazi awo. Kwa a Sakala anapitako okha ndi njinga, n'kukagwada pabwalo mwaulemu, kuti bwanawe zakale zinapita, bwerani mudzaone. A Sakala, munthu wokonda kulemekezedwa, anabwera atavala jekete, ndi akazi awo ndi ana awo aamuna awiri, n'kupatsidwa benchi yakutsogolo.

Anthu akulowa, a Binwelo anabwera pa mbaula yanga.

"A Nabanda, lero phulani mafutawo. Mukhale pafupi ndi mkazi wanga."

Chiyambire sanandiitanepo ndi ulemu wotero. Nditacheuka ndinaona a Naphiri ataima pakona pa nyumba, atafunda chitenje chakuda. Mayi amenewa anali asanapondemo m'nyumba imeneyo. Ndinawagwira dzanja, linali lozizira ngakhale kunja kunkatentha, ndipo tinakhala benchi yomaliza pafupi ndi chitseko. Nditayang'ana kutsogolo ndinaona kuti a Binwelo agwira maikolofoni ndi manja onse awiri. Lamba panalibe.

Filimuyo inali ya dziko lakutali, anthu ake ovala nsalu zazitali, koma umphawi wake unali wathu womwewu. Inayamba ndi mayi akusambitsa kamwana m'beseni, kamwanako kakumuwaza madzi. Nthawi zonse a Binwelo ankawapatsa anthu a mu filimu mayina akwathu kuti tiseke pang'ono poyamba, koma tsiku limenelo ankangoti mwana uja, mayi uja. Mwana anakula. Bambo ake anali chidakwa chankhanza, ndipo pamene ankamumenya ndi chingwe, mawu amene a Binwelo ankatulutsa sanali omasulira ayi. Anali awo enieni, amene akuluakulu a pamsika anawamvapo kuseri kwa nyumba yomweyo.

"Galu iwe! Ndikupha ndi manja angawa! Udzafera m'manja mwa anthu, iwe!"

Abambo ena anayamba kusuntha pamabenchi. Azimayi n'kuti akufwenthera kale. Mnyamata wa mu filimu anathawa pakhomo, anagona m'misika, mayi ake akumufunafuna ndi kambale ka chakudya. Kenaka anaba mbuzi. Anamugwira. Gulu la anthu linamukokera pabwalo, wina ndodo, wina mwala. M'nyumba monse munali kulira kwapansipansi, ndipo akazi a Sakala kutsogolo kuja mapewa ankagwedezeka. Mnyamata uja anagwa, anadzutsa mutu, nkhope yake inadzaza TV yonse, milomo ikuyenda.

A Binwelo anachepetsa mawu, n'kukhala a mnyamata.

"A Sakala, ndipatseniko madzi. Ndine Yotamu, a Sakala. Munandiona ndikukwawa."

Abale inu, sindinamvepo chete wotero. Jenereta yokha kuseri. Mu filimu munthu wina anakweza mwala, a Binwelo n'kutchula dzina la munthu amene anakhala benchi yachiwiri. Wina anaponda mnyamatayo pamutu, a Binwelo n'kutchula wina, wa pafupi ndi khoma. Ankatchula mmodzimmodzi, osakweza mawu, osalakwitsa, aliyense ndi chida chimene ananyamula tsiku lija.

A Sakala anaimirira.

"Zimitsa chinthu ichi, Binwelo!"

"Khalani pansi, a Sakala. Filimu sinathe."

"Ndati zimitsa, mfiti iwe!"

"Madzi, a Sakala," anatero a Binwelo ndi mawu a mwana aja. "Pang'ono pokha."

Mwana wamkulu wa a Sakala ananyamula benchi n'kuiponya pa TV. Galasi linaphulika, utsi, azimayi kukuwa, anthu kupondana pothamangira chitseko. Mng'ono wake anazula mwendo wa benchi. Ndinaona ndi maso angawa, chifukwa wina anali atakankha chitseko ndipo kuwala kunalowa. Mnyamatayo anamenya a Binwelo pakamwa, iwo anagwada. Anawamenya padiso, anagwa chammbali. Ena mwa otchulidwa aja analowererapo ndi nsapato, m'nthiti, m'mimba, pamutu. Munthu amene ankagwetsa amuna ndi chibakera chimodzi sanabweze ngakhale kamodzi. Anangodzipinda, maikolofoni ataikumbatira pachifuwa.

Chimene anyamata aja sanadziwe n'choti kuswa TV sikuzimitsa filimu. Deki inkayendabe, ndipo sipika ya kudenga inkalankhulabe. Pamwamba pa phokoso lonselo panamveka mayi wa mu filimu atafika pa mtembo wa mwana wake, akulira m'chilankhulo chake. Ndipo pansi paja, pakati pa miyendo ya anthu, a Binwelo anakokera maikolofoni pakamwa podzaza magazi.

"Make Yotamu! Mwana wako uyo wagona apo! Lira, make Yotamu!"

Dzanja limene ndinagwira lija linandifinya mpaka mafupa kulira. A Naphiri anachotsa chitenje kumutu. Poyamba panatuluka mpweya wokha, ngati chitseko chadzimbiri. Kenaka mawu anabwera, osasa, othyokathyoka.

"Mayo ine! Yotamu mwana wanga ine! Anakupha ndi ludzu, mwana wanga!"

Anaima kuti apume. Omenya aja nawonso anaima, mwendo wa benchi uli m'mwamba. Aliyense amene analipo tsiku loyamba lija anadziwa kuti tafikanso pomwe paja: mayi wakweza mawu, ndipo akudikira. Ndinatsegula pakamwa, koma wina ananditsogolera, kuchokera kutsogolo.

"Mayo! Mayo, amake Yotamu! Mwana wa mnzanga ine!"

Anali akazi a Sakala. Amuna awo anatembenuka n'kuwawomba khofi loti munthu akanagwa nalo. Mayiwo anadzandira, anagwira khoma, n'kukweza mawu kuposa poyamba. Anawawombanso. Pamenepo benchi yonse ya azimayi inalandira, kenaka ya kumbuyo kwake, kenaka tonse. Malata ankachita kunjenjemera. Ine ndinalira mpaka mawu anatha, kulira munthu amene sindinamuonepo nkhope, ndipo sindikuchita nazo manyazi.

Kulira kwa maliro kuli ndi kamvekedwe kake, ndipo munthu wakwathu sakusokoneza ndi phokoso la kanema. Kumadimba anthu anataya makheni othirira. Chigayo chinazima. A Yusufu anatseka shopu dzuwa likanali pamutu. Anyamata ena, osafunsa n'komwe, anathyola nthambi zaziwisi n'kuziika pamsewu. Azimayi achikulire ankatulukira m'tinjira tonse akulira kale, manja kumutu, n'kumafika pakhomo.

"Watisiya ndani?"

"Yotamu."

"Yotamu wake uti?"

"Wa a Binwelo."

Ndinaona gogo wina ataima kukamwa kuli yasa, akuyang'ana uku ndi uku. Kenaka anavula patapata, anakhala pansi, anatambasula miyendo, n'kulandira. Maliro akayamba sabwezedwa. Ndani akanaimirira n'kuuza khamu lonse lija kuti bwererani, talakwitsa? Ana a Sakala anazemba. Bambo awo anatuluka jekete itang'ambika, anayang'ana nthambi zija pamsewu, n'kuyenda wapansi kulowera kudambo, njinga kuiiwala.

A Binwelo tinawatulutsa anthu anayi. Mano akutsogolo anatsala m'nyumba, diso lamanzere linali litaphulika, ndipo akapuma m'nthiti munkamveka kuphwanyika. A Yusufu anabweretsa ngolo kuti tithamangire nawo kuchipatala, koma iwo anagwira gudumu, kukana kukwezedwa. Anandikodola ndi chala.

"Nabanda, makutu angawa akungolira okha. Akulira anthu?"

"Akulira, bambo."

"Amulandira make Yotamu?"

"Amulandira. Mudzi wonse."

"Akutchula dzina?"

"Akutchula."

Anasiya gudumu lija.

"Tiyeni tsono."

Diso lotsalalo linali louma gwa. Ine a Binwelo sindinawaonepo msozi, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo sindinganame kuti ndiwakometsere mbiri. Anthu anagona pamsika monga timachitira pa siwa, ndipo m'mawa mwake tinapita kumanda ndi makasu, tinalambula thengo limene linamera pa Yotamu, tinaunda dothi, azimayi a kwaya anayimba. Amake Yotamu anayenda kutsogolo, wina atawagwira uku, wina uku, ndipo wa kudzanja lamanja anali mayi wotupa tsaya uja.

A Binwelo atatuluka m'chipatala, ena anawauza kuti akasume. Anakana, akuti iwo mlandu wawo anaweruza kale. Anagula kaTV kena kakang'ono, koma ankangoonetsa mpira ndi karate, ndipo maikolofoni sanaigwirenso, poti mawu ankatulukira m'mipata ya mano. Musaganize kuti anasanduka mngelo. Anakalamba ali waukali, ankagenda ana ndi zitsononkho, ndipo mwezi womwe anadwalawo anandiponyera ndodo chifukwa ndinati chitumbuwa alipire. A Sakala nawo sanapepese. Akakumana panjira, wina ankayang'ana kumwamba, wina pansi, ndipo pa maliro a mwezi wathawu a Sakala sanaoneke.

Nyumba ija ilipobe. Adzukulu a mlongo wawo anachotsa chitseko ndi malata a mbali imodzi, ndiye dzuwa limalowa mmene silinkalowamo. Mabenchi anagawana. Pansi patsala maenje a miyendo yake, mizere mizere, ndipo mvula ikagwa mumaima madzi. Mbuzi zimabisalamo, mavu amanga pamtanda. Wina anafuna kuchita lendi kuti azigulitsiramo mowa, koma atafunsa mbiri ya nyumbayo sanabwerenso. Ine ndikadali pakhomo pomwepo ndi mbaula yanga, chifukwa ndilibe kwina, koma masana amatalika.

M'mawa uliwonse a Sakala amadutsa pa njinga popita kudimba lawo latsopano. Akalamba, ng'ombe zinatha, miyendo imanjenjemera. Akafika pa chigayo amatsika, amavula chipewa, n'kuyamba kukankha njinga, maso pansi, monga timachitira podutsa pakhomo pamene pagona mtembo. Amakakwera akapitirira shopu ya a Yusufu. Pamsewu palibe nthambi, m'nyumbamo mulibe munthu, koma sanaphonyepo. Dzulo zinandikwana, ndinawakuwira.

"A Sakala, kwerani njinga, mugwa nayo! Maliro anatha kale!"

Sanacheuke.

"Anatha kwa inu, a Nabanda."

Anapitiriza kukankha, chipewa chili m'manja.